Ndinati Ndadzuka Pang'ono

Chizindikiro choyamba chinali kapu ya tiyi. Munali mu Januwale, ndili pa ntchito ku nyumba yosamalirako okalamba kuno kunja, mu mzinda wa Oshawa, kumene ndinkawasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa. Ndinkamwetsa gogo wina wachizungu, kapu n'kungopulumuka m'dzanja langa lamanja. Sindinaimve ikuchoka. Dzanja linachita dzanzi mpaka m'chigongono, ndipo nditafuna kupepesa, lilime linalemera. Patapita kanthawi zonse zinabwerera m'malo mwake. Ndinakolopa pansi n'kudziuza kuti ndi kuzizira, paja Januwale wa kuno sasewera ndi munthu.

Zinabwerezanso ndili m'basi, zinabwerezanso ndikuchapa. Nthawi zonse zinkatha zokha ndisanaganize n'komwe zopita kuchipatala. BP yanga inali yokwera kuyambira kale, ndipo mutu unkandiwawa kawirikawiri, koma ndi ndani mwa ife ogwira mashifiti awiri amene mutu sumuwawa?

Ndimakhala ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, Takondwa. Bambo ake tinasiyana ali wamng'ono. Tako anabadwira konkuno, ndipo nthawi imeneyo anali m'chaka chomaliza cha sekondale. Chichewa chake chinali cha moni ndi cha mayina a zakudya. Ndikamuyankhula ankamva zina, koma ankayankha m'Chingerezi, ine n'kumutsatira komweko. Nkhani zathu zonse, zoseka ndi zokangana zomwe, zinkayenda m'Chingerezi.

M'mawa wina mu Febuluwale ndinadzuka mkono wamanja uli lende, mwendo ukukoka. Ndinadzikwakwaza mpaka pa mpando wa pabalaza n'kufunda bulangete. Tako anatuluka m'chipinda akuthamangira basi ya kusukulu, chikwama kuphewa, buledi kukamwa.

"Mwadzuka bwanji, Mami?"

"Ndadzuka pang'ono," ndinayankha.

Anandipsompsona pamutu n'kutuluka. Kwathu ku Ntcheu, munthu wamkulu akati wadzuka pang'ono, amene wamva amatula mtolo pansi, chifukwa amadziwa kuti zinthu zavuta. Ine ndinkaona ngati ndanena zonse. Koma mwana anamva pang'ono wa shuga wa mu tiyi. Anamva kuti mayi ake ali bwino, angotopa chabe.

Dzuwa litakwera anaimba foni amayi Tembo, mnzanga wa kutchalitchi wochokera ku Chipata. Anafunsa kuti ndauka bwanji, ine ndinayankha liwu lomwe lija, koma linatuluka lopindika.

"Nkhalani pamene muli, amake Tako," anatero. "Niitana ambulansi manje manje."

Kuchipatala anandilandira mwachangu. Namwino anandifunsa dzina, ndinayankha. Anafunsa kuti tili mwezi wanji, ndinayankha. Ndinadabwa kuona akuyang'anana. Amayi Tembo, amene anali atafika kale, anandigwira phewa n'kundiuza kuti ndikuwayankha azungu m'Chichewa. Ine m'mutu mwanga ndinkaona ngati ndikuyankhula Chingerezi chabwinobwino.

Atandiunika mutu pa makina, dokotala anafotokoza, amayi Tembo akumasulira. Anati ndi sitiroko. Magazi anaundana mu mtsempha wina wa mu ubongo, kumbali imene imasunga mawu. Anati mankhwala osungunula magaziwo amagwira ntchito m'maola oyambirira okha, ndipo popeza ine ndinadzuka nazo, zinayamba ndili m'tulo, nthawi yake sinkadziwika. Anati chimene chikanathandiza kwambiri ndi kubwera tsiku lija la kapu.

Mawu amenewa Tako sanawamve. Anafika ataweruka, dokotala atapita kale. Ndinamva amayi Tembo akumufunsa pakhomo la wodi, osati mokalipa, mongodabwa: "Nanga amai ako pamene anakamba kuti pang'ono, sunamve?" Kenako anamufotokozera tanthauzo lake. Mwana analowa nkhope itagwa, anakhala pa mpando n'kundigwira dzanja lakufa lija.

Moyo wa mu wodi unali wa kudikira. Mbandakucha namwino ankabwera kudzayeza BP, kundiunika m'maso ndi katochi, n'kundiuza kuti ndifinye zala zake. Masiku oyamba anandiletsa madzi wamba poopa kuti nditsamwa, ankandipatsa madzi okhuthala ngati phala la mwana. Tinkadikira dokotala, tinkadikira kukaunikidwanso, kenako tinadikira malo ku wodi ya mafizo, kolimbitsa ziwalo. Pawindo ndinkangoona chipale chofewa chikuunjikana pa magalimoto. Mwendo unayamba kumvera msanga. Dzanja linatsatira mwaulesi. Koma Chingerezi, chimene ndinachivutikira kusukulu n'kudyera zaka zonsezi, chinangoti zii. Munthu akayankhula pang'onopang'ono ndinkatolako, koma kuti ine nditulutse liwu, ayi. Ngakhale kuwerenga, zilembo zinkangondiyang'ana. Ndinatsala ndi Chichewa changa, mwana wanga ali ndi Chingerezi chake. Tinkakhala m'chipinda chimodzi ngati alendo okumana pa depoti.

Ananditulutsa chakumapeto kwa Malichi. Tako anasanduka mayi wa panyumba. Ankaphika, ankandikonzera mapilisi, ankandimanga mabatani, ndipo akapita kusukulu ankaimba foni pa buleki iliyonse kuti angomva kuti ndikupuma. Anzake anasiya kubwera. Anaonda.

Tsiku lina ndinamumva ali kukhitchini ndi amayi Tembo. Tako anali atapeza malo ku yunivesite ku Ottawa, mzinda wakutali ndi kuno, kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba, chinthu chimene ankachilota kuyambira ali wamng'ono, ndipo ankayenera kuvomera malowo pofika kumayambiriro kwa Juni. Pa zonse zimene ankanena ndinatolapo mawu awiri, Ottawa ndi ayi. Amayi Tembo atabwera pabalaza ndinawapanikiza, ndipo anaulula. Mwana wati sapita. Wati angasiye bwanji munthu amene sangathe ngakhale kuitana ambulansi. Ndinamva kuwawa kuposa tsiku la sitiroko. Ine ndinasambitsa anthu okalamba zaka zonsezi kuti mwana ameneyu adzathere pa kundimanga mabatani?

Ndinkapita kwa katswiri wophunzitsa anthu kuyankhulanso, mtsikana wodekha kwambiri. Ankandionetsa timakadi ta zithunzi, chipeso, apozi, galu, kuti nditchule m'Chingerezi. Zinkandinyansa. Mayi wamkulu ngati ine, kutuluka thukuta chifukwa cha chipeso! Tsiku lina ndinakankha timakadito. Mtsikanayo sanakwiye. Anafunsa Tako kuti kunyumba ndimakonda kuonera chiyani. Tako anaseka koyamba pa nthawi yaitali, nati chimene akudziwa ndi chimene ndimadana nacho, masewero ake a ku Korea a pa TV.

Ndi zoona, ndinkawanyoza. Ndinkati ndi za anthu olira pamvula ali ndi ambulera m'manja. Koma katswiriyo anati ndi zomwezo. Anati tizionera limodzi gawo limodzi pa sabata, ndipo ndikabwera ndizimuuza chinthu chimodzi chokha: chifukwa chake munthu wa m'seweromo wachita zimene wachita. Anati ngakhale liwu limodzi likwana.

Sewero limene Tako anasankha linali la mkazi wina telala. Ankaoneka mtsikana, koma anali atakhala zaka mazanamazana osakalamba. Koma sankasoka zovala ayi. Ankasoka zithunzithunzi za anthu, zija zimagwa pansi dzuwa likawala. M'seweromo, munthu akasweka mtima, chithunzithunzi chake chinkang'ambika, ndipo akachisiya choncho ankafota mpaka kufa. Anthu otere ankafika pa kashopu kake, iye n'kuwasokerera osalandira kanthu. Chimene anthuwo sankadziwa ndi chakuti telalayo ulusi ankausolola ku chithunzithunzi chake chomwe, ndipo chinkafupika tsiku ndi tsiku. Panalinso mnyamata woyendetsa basi imene inkaima pakhomo pa shopuyo. Iyeyu ndiye anayamba kuona kuti dzuwa likapendeka, aliyense pa siteji ali ndi chithunzithunzi chachitali kupatula mkazi uja.

Vuto linali lakuti anthuwo ankayankhula Chikoreya, ndipo mawu a Chingerezi olembedwa pansi ankathamanga kuposa maso anga. Tako ankayenera kuimitsa n'kumandifotokozera m'Chichewa. Amayi inu, Chichewa chake! Ankayambira kumchira, mawu ena n'kumaloza ndi manja. Tsiku lina anati, "Mami, mkaziyu akufuna kumukwatira." Ndinaseka mpaka misozi, ndi kamwa langa lokhota lomwelo. Ndinati mkazi sakwatira, amakwatiwa. Iye anati zimenezo ndi zachikale. Tinakangana, ine m'Chichewa iye m'Chingerezi, ndipo unali mkangano wathu woyamba chidwalireni. Ndinaukonda.

Zambiri ndinkazimva popanda womasulira. Anthu aja amalandira chinthu ndi manja awiri ngati ife. Amawerama akakumana ndi wamkulu. Tako anandiuza kuti alinso ndi inu ndi iwe wawo, ndipo tsiku limene telala anasiya kumuuza dalaivala uja inu n'kuyamba iwe, ine ndinali nditaona kale pa nkhope yake kuti mtima wagwa m'mbale.

Sabata yoyamba katswiri atandifunsa chifukwa chake telala amapereka ulusi wake, ndinalimbana mpaka ndinatulutsa liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza wachifundo. Ndinanyadira. Kunena zoona ndinkadziona ine mwa telalayo. Ndinkati ndife amodzi, anthu othera posamalira ena. Masabata otsatira mawu anawonjezekera, awiri, atatu, oduka mitu. Ndinanena kuti dalaivala ali ndi mantha. Mnyamata ameneyu anandisangalatsa chifukwa sanachite zachimuna zofuna kupulumutsa munthu mokakamiza. Poyamba anakalipa, mkazi n'kumutsekera chitseko. Ataona kuti kukalipa sikuthandiza, anagula choko. Madzulo alionse ankajambula mzere pansi pamene chithunzithunzi cha mkaziyo chathera, n'kukwera basi yake. Mizere ija inkayandikira ku mapazi, mkazi akuiona yekha.

Chakumayambiriro kwa Meyi tinafika pa gawo limene anationetsa zakale. Telala ali mtsikana weniweni anali ndi mng'ono wake. Tsiku lina kukuzizira, mng'onoyo anamuitana ali kumtsinje. Iye anamva, koma anayesa ndi masewera awo a masiku onse, napitiriza kusoka. Mwanayo anali atagwera m'madzi. Kuyambira tsiku limenelo telala sanakanenso munthu aliyense womuitana.

Tako sanaimitse kuti amasulire. Anadzuka, nati akukatereka madzi, ndipo anakhalitsa kukhitchini ketulo italira kale. Ine sindinafunenso womasulira. Ndinangoyang'ana mpando umene mwana wanga anachokapo.

Nditapita kwa katswiri ndinamupempha Tako kuti adikire panja. Funso linali lomwe lija: chifukwa chiyani telala amachita zimenezi? Ndinayamba n'kulephera, ndinayambanso. Thukuta linatsika kumsana. Kenako chinatuluka chiganizo chathunthu cha Chingerezi, choyamba chidwalireni. Ndinati, akuganiza kuti anamupha ndi iye. Ndinati si chifundo, akudzilanga. Ndipo ndinalira ngati mwana, ndikuloza kuchitseko.

Katswiri anadikira mpaka nditatonthola. Kenako anati, "Ndiye mukufuna kumuuza chiyani? Tiyambire pamenepo."

Mwina mukuti bwanji sindinangomuuza m'Chichewa, kapena kutuma amayi Tembo. Ndinaganiza zimenezo. Koma m'Chichewa ndi mmene tinaphonyerana, ndipo akanamva theka, theka lina n'kudzaza ndi mantha ake. Komanso mwana uja sankafuna kutonthozedwa chabe. Ankafuna aone ndi maso ake kuti pakamwa pa mayi ake patseguka. Choncho timakadi tinatisiya. Tinayamba kuphunzira mawu anga enieni, ndiponso kuimba foni: dzina, msewu, nambala ya nyumba, ndi chimene chikundivuta. Tako akapita kusukulu ndinkayeserera ndekha pa galasi la kubafa, mpaka aneba mwina ankati mayi wa ku Malawi uja zamusokonekera.

M'seweromo zinthu zinkapitirira. Tsiku lina kunabwera bambo wina chithunzithunzi chili ng'ambi, telala n'kuyang'ana mzere wa choko umene unali utafika pa zala za kumapazi. Kwa nthawi yoyamba anakana. M'malo mwake anam'patsa bamboyo singano, nakhala naye pansi, namuonetsa kasokedwe. Ndikanaonera gawo limeneli mu Malichi ndikanati mkazi wakula mtima. Tsopano ndinaombera m'manja ndi dzanja langa limodzi ndi theka. Pambuyo pake anapita kumtsinje kuja ndi dalaivala wake, nayankhula ndi mng'ono wake uja mokweza, nasiya kudzizenga mlandu umene palibe anamuimba. Chithunzithunzi chake chinayamba kuphuka. Sichinabwerere chonse, ndipo ndinawayamikira olemba sewerolo posatinamiza.

Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, ndinazimitsa TV n'kumuuza Tako kuti akhale pansi. Ndinayankhula m'Chingerezi, liwu limodzilimodzi, ndikutsimphina. Ndinati dokotala ananena kuti sitiroko inabwera ndili m'tulo, iwe usanadzuke n'komwe. Ndinati sunalakwe. Ndinati liwu lija lakuti pang'ono ndi lathu, ndipo palibe anakuphunzitsa kulemera kwake. Ndinati ndikufuna upite ku Ottawa.

Analira nthawi yaitali, mutu uli pamiyendo panga. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma mwana ameneyu makani anatengera ine. Anapukuta maso, anatenga rimoti ya TV n'kuiika kukhutu ngati foni, nayankhula mwachangu ngati mmene amachitira a ambulansi. Anafunsa dzina, ndinayankha. Anafunsa vuto, ndinayankha. Anafunsa kumene ndili. Msewu ndinautchula, koma nambala ya nyumba inatulukira m'Chichewa chosakanikirana, kenako inasoweratu. Anatsitsa rimoti, nkhope yake ikuti mwaona?

Ndinapsa mtima. Ndinati mawa tiyesenso. Tinayesa mawa lake, ndinalephera. Ndikapupuluma manambala ankabalalika ngati nkhuku. Katswiri anandilangiza kuti ndizitchula nambala imodziimodzi, ndikugogoda chala pa bondo. Tako sankandichitira chifundo ngakhale pang'ono. Ankandidzidzimutsa ndili kubafa, ndikudya, ndikupemphera. Nthawi zina ankasintha mafunso kuti aone ngati ndangoloweza. Juni ankayandikira, ine tulo tinkandisowa.

Sabata yomaliza ya Meyi ndinayamba kukhoza, tsiku ndi tsiku osaphonya. Ndiye m'mawa wina, iye ali pomwepo akudya, ndinatenga foni yeniyeni n'kuimbira kuchipatala kuti ndisinthe tsiku lokaonana ndi dokotala. Mayi wa kumeneko ankayankhula mothamanga. Ndinamuuza kuti ndinadwala sitiroko, ayankhule modekha, ndipo anatero. Tinamvana mpaka kutsanzikana. Nditaika foni pansi, Tako anali atasiya kudya. Anadzuka, anakatenga kompyuta yake, anaiika patebulo patsogolo panga, nagwira chala changa cha dzanja lamanja lofookalo. Batani lovomera malo ku yunivesite tinalidina ndi chala chimenecho.

Lero ndimayenda popanda ndodo. Dzanja lamanja likadali laulesi, mabatani aang'ono amandivutabe, ndiye ndinagula mabulauzi opanda mabatani, nkhani n'kutha. Ndinabwerera ku ntchito masiku ochepa pa sabata, sindinyamulanso anthu, ndimawadyetsa ndi kucheza nawo. Chingerezi chinabwerera, ngakhale ndikatopa chimatsimphina. Mapilisi a BP ndi ochepetsa kuundana kwa magazi ndimamwa m'mawa uliwonse. Amayi Tembo amaimba tsiku lililonse, ndipo sakhutira ndi moni, amafuna ndiwauze chiwalo ndi chiwalo.

Abale anga, makamaka inu amene muli kunja kuno, dzanzi lobwera n'kutha lokha si kuzizira. Dzanja likafooka mwadzidzidzi, kamwa likakhota, lilime likalemera, ngakhale kwa kanthawi kochepa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire shifiti ithe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo ana athu obadwira kunowa muziwauza matenda mosazungulira, m'chiyankhulo chimene amamva, chifukwa ulemu wathu wobisa ululu iwo sanakule nawo, ndipo mtolo wake umadzawagwera iwowo.

Tako anapita kumayambiriro kwa Seputembala. Ndinamuperekeza pa siteshoni ya sitima ya ku Oshawa, ndinamukweza ndekha, ndinabwerera ndekha pa basi. Walira mvula walira matope. M'nyumba muno muli zii, chipinda chake ndi chotseka, ndipo masiku ena ndimamusowa mpaka ndimalira. Ndikalira ndimapukuta maso n'kudziuza kuti kulira kumeneku ndinakulimbikira ndekha, liwu limodzilimodzi, ndipo sindingakusinthe ndi china chilichonse.